Mmene Ndinachotsera Bambo Anga pa Dimba Lawo

Tadala ndi Madalitso, ana anga, ndalemba izi m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma muwerenge pang'onopang'ono, mudzamva. Za ubwana wanga ndazisiya, munazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndikulemba za ntchito yanga ya unesi, ndiponso za agogo anu aamuna, a Mbewe, amene ndinawachotsa pa dimba lawo ku Bembeke n'kuwapititsa m'tauni, ndipo atapempha kubwerera ndinawakaniza. Nkhaniyi sindinakuuzenipo mwachindunji chifukwa imandichititsa manyazi.

Ntcheu, 1985

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala ka kumudzi ku Ntcheu. Dzinja lililonse kankadzaza ndi ana otsegula m'mimba chifukwa cha madzi a m'zitsime zosatetezedwa, ndipo madiripi ankatha mvula isanafike pakati. Ndinatseka maso a ana ambiri amene akanakhala ndi moyo pakanakhala mpopi pakhomo pawo. Ndinachokako ndikudana ndi chitsime, ndikukhulupirira kuti munthu wokhala pafupi ndi mpopi, magetsi ndi dokotala ndiye akukhala bwino, ndipo wonena zina sanaonepo zimene ine ndinaona. Makani amene mumandinena nawo aja anayambira kumeneko.

Bolton, 2002

Ndinafika ku Bolton, kuno ku Mangalande, mwezi wa Novembala ndi juzi imodzi imene ndinkaiyesa yochindikala. Inu ndi bambo anu munali mudakali kumudzi. Ndisanaloledwe kugwira unesi wa kuno anandiika kaye m'nyumba yosungirako okalamba kuti aone ngati ntchito ndikuidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikubaya jakisoni, koma ndinayambanso kuphunzitsidwa kusambitsa munthu. Bwana wathu anali a Pauline, mayi wamtali wosaseka, amene ankatsekera magolovesi m'kabati n'kumayenda ndi kiyi m'khosi. Antchito tinkakhala ochepa nthawi zonse, moti wina akadwala, otsalafe tinkangovala zilimbe. A Pauline sindiwada. Ndiwo anandiphunzitsa kuti chilichonse chimene waona pa wodwala uzichilemba m'buku, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti nesi wa ku Malawi si wamasewera, ndinkalemba kuposa aliyense.

M'nyumbamo munali banja lina la okalamba, a Harold ndi akazi awo a Edna, onse oyandikira zaka makumi asanu ndi anayi. A Harold anabadwira mu Bolton momwemo ndipo analowa m'fakitale yopota thonje akadali kamnyamata. A Edna anakulira m'katauni ka alimi ku Lincolnshire, kumene bambo awo ankalima pa famu ya munthu wina, ndipo anabwera ku Bolton ali mtsikana kudzafuna ntchito. Manja a a Harold ankanjenjemera, choncho pa tiyi wa masana ine ndinkakhala pambali pawo kuwagwirira kapu. Ndipo tiyi aliyense ankamwedwa ndi mkangano umodzi womwewo: pa zaka zija za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, pamene iwo anali ana, ankakhala bwino ndani, anthu a m'matauni a mafakitale kapena a m'matauni a alimi?

"Ife tinali ndi mpopi m'khitchini," a Harold ankayamba choncho. "Nyale za gasi. Malipiro Lachisanu lililonse. Loweruka tinkapita ku kanema. Uyu kanema anadzamuonera kuno, anayesa kuti sitima ya pachithunzi imuponda."

"Bodza," a Edna ankatero osakweza mawu. "Muuzenso za chimbudzi cha kuseri chimene munkalimbirana ndi mabanja ena. Muuze za mwaye. Ukayanika malaya oyera m'mawa, madzulo unkakaanula akuda. Ana a mumsewu mwanu anali ndi miyendo yopindika chifukwa dzuwa sankaliona."

"Nanga kwanu? Madzi okatunga panja, dokotala kutali, ana kusiya sukulu kukatola mbatatesi m'matope. Nyumba inali ya mwini famu. Bambo ako msana utawavuta, anakutulutsani. Si chimene unabwerera kuno?"

"Ndi chimenecho. Nanga fakitale itatseka zitseko, inu munadya chiyani? Mpopi?"

Zimenezi zinachitikadi. A Harold anandiuza tsiku lina kuti thonje litasowa malonda, amuna ankangoima m'makona a misewu manja ali m'matumba, ndipo munthu wa boma ankalowa m'nyumba kudzaona katundu amene mungagulitse musanalandire thandizo. Amayi awo anabisa wotchi ya pakhoma kwa oyandikana nawo. Koma a Harold sankagonja. Ankati njala ya m'tauni inali ya nyengo, pamene umphawi wa pa famu unali wa moyo wonse.

Tsiku lina anandiika pakati. "Iwe wachokera kwa alimi," anatero a Harold. "Tiweruze." Ine osaganiza n'komwe ndinati a Harold ndiwo akunena zoona, ndipo ndinawafotokozera za ana a ku Ntcheu. A Edna anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Sindikukana, mwana wanga. Mng'ono wanga anamwalira ndi matenda omwewo. Koma tamvera. Ife tinkaweta nkhumba imodzi pachaka. Ikaphedwa nthawi yozizira, amayi ankaika chiwindi ndi tinyama m'mbale, ife ana n'kumazungulira nazo m'makomo mwa anzathu. Mbale ankaibweza yosatsuka, ndiwo unali mwambo wake. Tinali amphawi oti nsapato tinkasinthana, koma tsiku limenelo amayi ankayenda ngati mkazi wa mwini famu. Kuno ndinapeza zonse zimene Harold akunenazi. Chimene sindinapeze ndi kanthu kanga koti ndipatse munthu. Chilichonse chinali chogula."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti kwathunso timatero, kupatsa n'kuika. Ndinanena ngati mwambi wa m'buku la sukulu, ndipo ndinanyamula makapu n'kupita.

A Harold anamwalira chaka chotsatira. A Edna atasowa wokangana naye anayamba kachizolowezi kena. Mabisiketi a pa tiyi sankadya, ankawakulunga m'kampango, ndipo ndikamaweruka ankandiitana n'kundifumbatitsa. "Za ana ako, akadzafika." Lamulo linkatiletsa kulandira chilichonse kwa okalamba, ndiye ndinkakana mwaulemu. Kenaka ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa: ndinalemba m'buku kuti a Edna akubisa chakudya. A Pauline analamula kuti dirowa yawo izionedwa tsiku lililonse. Kuchokera pamenepo a Edna sanandiitanenso. Ankangondipatsa dzanja kuti ndiyeze magazi, nkhope atayang'ana kuwindo, ndipo ine ndinalembanso kuti akuoneka osasangalala.

Sheffield, 2005 mpaka 2006

Mapepala anga atatheka ndinapeza ntchito pa chipatala cha boma ku Sheffield, m'wodi ya okalamba. Inu munali mutafika, ndipo mukukumbukira kanyumba kathu ka pachitunda paja, pamene bambo anu ankati ngakhale basi imapuma kawiri isanafike. M'wodimo munkadzaza amuna amene anagwira ntchito m'mafakitale a zitsulo, zifuwa zawo zikulira ngati mvukuto. Mabedi sankakwana. M'mawa uliwonse a Doreen, mkulu wa wodi, ankaima pakhomo n'kufunsa kuti lero atuluka angati, ndipo ntchito yokonza zotulutsa odwala anaipereka kwa ine chifukwa ndinkaitha. Panali fomu yake. Kodi kunyumba kuli madzi otentha? Chimbudzi chili pafupi? Pali masitepe? Akagwa amudzutsa ndani? Dokotala ali kutali bwanji? Mayankho akakhala oipa, munthu sankabwerera kwawo, tinkamupezera malo ena. Ena ankalira, ena ankanditukwana, ine n'kumati adzandithokoza.

Chaka chomwecho amayi anga anamwalira ku Bembeke. Apa ndikufotokozereni za kwathu, poti inu munakulira kuno. Bambo anga anali mkamwini. Anachoka kwawo ku Linthipe n'kudzakhala pamudzi pa amayi, ndipo munda ndi dimba zimene analima zaka zoposa makumi anayi zinali za mbumba ya amayi. Amayi atapita, malowo anagwera ine, mwana wamkazi yekhayo. Abale a amayi sanawathamangitse bambo, ankawakonda, komabe aliyense ankadziwa kuti akukhala pa mawu anga. Dimbalo linali m'mphepete mwa kamtsinje, ndipo munkatuluka mbatatesi, kabichi, nzimbe ndi tomato. Panalibe mlendo amene ankachoka pakhomo pa bambo chimanjamanja. Ngakhale wofunsa njira ankapita ndi nzimbe paphewa.

Mu 2006 achimwene anga a Lameki, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Blantyre ndipo ankakhala ku Ndirande, anandiimbira foni ndili pa chakudya cha masana kuntchito.

"Achemwali, bambo anagwa m'dimba dzana. Chizungulire. Anawapeza ndi amayi ena opita kukachapa. Ku health centre akuti BP yakwera kwambiri."

"Ali bwanji panopa?"

"Adzuka, abwereranso kudimba. Ine ndimati abwere kuno, chipinda chilipo. Koma malo aja ndi anu, munene ndinu."

Ndinakhala pa benchi ya m'khonde la chipatala, sangweji ili m'manja, n'kuwadutsitsa bambo anga pa fomu ija m'mutu. Madzi: pachitsime. Chimbudzi: kuseri, kotsetsereka. Akagwa: palibe. Dokotala: kutali. Ku Ndirande kunali mpopi pakhomo, magetsi, mlamu wanga, mkazi wa a Lameki, ali pakhomo masana onse, ndi chipatala chachikulu chongokwerera minibasi imodzi. Nthawi yopuma isanathe ndinali nditagamula. Sindinafunse malume, sindinafunse bambo anu, sindinafunse eni akewo. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinkadziona ngati wofunsidwa, osati wofunsa.

Lamulungu lotsatira ndinalankhula nawo pa foni ya aphunzitsi a pamudzipo. Anamvetsera zonse, kenaka anati, "Nambewe, nanga mbatatesi? Ndikumbe kaye."

"Esinati akumba, bambo. Inu mupume."

"Kupuma ndimapuma usiku, mayi."

"Mukapita Loweruka. A Lameki abwera ndi galimoto."

Esinati ndi mwana wa mayi anga aang'ono, mng'ono wanga, mayi wamasiye wa ana asanu. Ndinamuuza kuti dimba ndi munda alime iye. Ndinkaona ngati ndaponya mwala umodzi n'kupha mbalame zambiri, ndipo Lolemba ndinapita kuntchito mtima uli pansi.

Ndirande, 2008

A Doreen anandipatsa masabata awiri okha a tchuthi, poti antchito anali ochepa. Ndinawapeza bambo atanenepa, atavala malaya ositidwa, mankhwala akumwa pa nthawi yake. Ndinawayeza ndekha ndipo ndinakondwa ndi zimene ndinapeza. Mlamu wanga ankawasamala bwino, ndisamunamizire. Koma anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti anthu a ku Bembeke akabwera m'tauni n'kudzawazonda, bambo amadzitsekera kuchipinda n'kunena kuti auzidwe kuti agona. Ine ndinati ndi ukalamba.

Tsiku lonyamuka, zikwama zili kale pakhonde, bambo anaitana mlamu wanga. "Apongozi, mwanayu akupita kutali. Mulibe nkhuku?" Mlamu wanga, mwa mtima wake wabwino, anathamangira mufiriji n'kubwera ndi nkhuku ya m'sitolo, youma gwa, ili m'pulasitiki. Bambo anailandira ndi manja awiri. Anaitembenuza, anayang'ana kapepala ka mtengo kamene kanamatidwapo, n'kuibweza.

"Iyi si yanga," anatero. "Kaibwezereni."

Anandiperekeza mpaka pageti, manja ali kumbuyo. Pamenepo anaima n'kunena motsitsa mawu, "Nambewe, kuno ndikudya bwino, sindikudandaula. Koma ndakhala ngati mwana. Mwana wanga ndikumulola kupita ulendo wa kutsidya kwa nyanja wopanda ngakhale nzimbe. Ndibwezereni kwathu. Sindikufuna munda wonse, mizere ingapo chabe."

Mawuwo anandilasa, sindikana. Nkhope ya a Edna inandibwerera pomwepo. Koma takisi inali ikulira, ndipo ndinayankha mmene ndinkayankhira odwala anga: "Tikambirana, bambo."

Leeds, 2009 mpaka 2010

Ndinasamukira ku Leeds chifukwa anandikweza, ndinakhala mkulu wa wodi. Tsopano woima pakhomo n'kumafunsa kuti atuluka angati ndinali ine. Za bambo ndinkazikankhira kutsogolo mwezi ndi mwezi, mpaka a Lameki anandiimbira m'mawa wina ndili pa siteji ya basi.

"Achemwali, bambo alongedza chikwama. Chakhala pakhomo masiku atatu. Akuti mvula yayandikira, akufuna akagalauze. Ine sindingawatsekere, komanso sindingawapititse pa malo a eni popanda mawu anu. Muyankhe lero, please."

Ndinalola basi ziwiri kudutsa. Ndikufuna mudziwe kuti sindinagamule mopepuka ngati poyamba paja. Ndinadziwa chimene akusowa, ndinali nditachiona ndi maso anga pageti. Koma ndinaganiza za kugwa kuja, kuti akagwanso adzapezeka tsiku lotsatira, ndipo anthu adzati mwana wawo ndi nesi ku Mangalande koma bambo ake anafera m'matope. Ndinaganizanso za Esinati, kuti wathira manyowa zaka zitatu, akudyetsa ana ake pamenepo, ndipo ndikamuuza kuti apereke malo adzati ndinamupatsa ndi dzanja ili n'kulanda ndi linali. Ndinachita manyazi kumufunsa, ndiye sindinamufunse. Ndikaunguza bwino mumtima mwanga, chachikulu chinali chakuti kuwabweza kukanatanthauza kuvomera kuti ndinalakwa, ndipo chimenecho sindinachizolowere.

Ndinati awapatse foni.

"Bambo, chaka chino ayi. BP yanu sinakhazikike. Tione chaka chamawa."



"Chabwino, mayi," anatero. "Malo ndi anu."

A Lameki anandiuza pambuyo pake kuti anamasula chikwama okha, n'kupachika malaya amodziamodzi. Sanadzatchulenso za kumudzi. Ndikaimba ankandifunsa za inu, za sukulu yanu, za kuzizira, n'kubwezera foni kwa mwini wake. Anamwalira mwezi wa Julaye chaka chotsatira, m'chipatala chachikulu chija, pa bedi loyera, madokotala ali pafupi. Chilichonse chimene ndinawakonzera chinagwira ntchito yake. Ndapuma ntchito tsopano, ndili ndi nthawi yambiri yoganiza, ndipo mpaka lero sindinganene kuti a Harold ankanama. Mwina ku Bembeke bambo akanamwalira msanga. Koma zaka zimenezo zinali zawo, ndipo ine ndinawasankhira mmene azithere popanda kuwafunsa. Ndimamva chisoni kwambiri.

Abale a amayi anavomera kuti aikidwe ku Bembeke pafupi ndi akazi awo. M'mawa wotsatira maliro, Esinati anandipempha kuti tikaone dimba. Analisamala bwino, kabichi anali atakulunga, tomato ali pa mitengo yake. Koma chakumunsi, pafupi ndi madzi, pamene nthaka ndi yakuda kwambiri, panali mizere isanu ndi umodzi yogalauzidwa bwinobwino, yopanda udzu, yopandanso mbewu.

"Apa bwanji sunadzale?" ndinamufunsa.

"Ndi pa bambo aakulu," anatero. "Chaka chatha anatuma munthu wa minibasi kudzandiuza kuti ndiwasungire mizere ingapo, akubwera mvula isanagwe. Ndinagalauza, ndinasesanso m'nyumba mwawo, ndinauza mwana wanga wamkulu kuti azidzagona nawo. Chaka chino ndinagalauzanso."

"Bwanji sunandiuze?"

Anayang'ana pansi, akufikisa dothi ndi chala cha kuphazi. "Malo ndi anu, achemwali. Ndikanayamba ine, mukanati ndikukuphunzitsani nzeru. Ndinkangodikira mawu anu."

Ndinakhala pansi pa mzere umodzi, chitenje cha pamaliro chili m'chiuno, ndipo Esinati anakhala pambali panga. Zaka zonsezo foni inkakhala m'thumba la yunifomu yanga tsiku lililonse, ndipo nambala ya Esinati inali momwemo.